Lipoti la ulendo wa ku Lilongwe, nkhani yosiyira anyamata shopu

Moni a tcheya, amayi ndi abambo nonse a m'gulu lathu la eni mashopu kuno ku Limbe. Ndafika dzulo usiku kuchokera ku maphunziro a masiku awiri a eni mashopu ku Lilongwe, basi inatichedwetsa pa Zalewa, ndiye ndati ndilembe msanga ena asanayambe kufunsa kuti alawansi ija yagwira ntchito yanji. Malisiti a basi ndi a malo ogona ndili nawo, a msungichuma mudzawaona.

Tsiku loyamba m'mawa zinali za misonkho ya MRA ndi za penshoni, zomwe timazidziwa kale zija, bwana 10 peresenti wantchito 5 peresenti. Ambiri timangowodzera.

Zenizeni zinayamba masana. Mayi amene amaphunzitsawo ali ndi mashopu atatu a hadiweya, anabwera ndi lichero nkutiuza kuti tonse tiponyemo mafoni kwa maola awiri. Anthu kung'ung'udza. Titatenga mafoni aja anati aliyense awerenge amene amuimbira. Ine ndinapeza 9, mwa amenewo 7 anali mnyamata wanga wa pashopu. Ndikumuimbira kuti kwagwanji, akuti kunabwera kasitomala wofuna matumba 20 a simenti amapempha kuti timuchotsereko pang'ono, ndiye iye sakanayankha ine ndisanalole. Kasitomalayo nkuti atagula kale kwa aneba. Mnyamata ameneyu ndakhala naye zaka 6, mitengo amaidziwa kuposa ine, koma sindinamupatsepo mphamvu yochotsa ngakhale K500. Manyazi anandigwira, osanama.

Njira ya mayiwo ndiyosavuta. Umalemba papepala malire, kuti kuchotsa mtengo afike apa, kuoda katundu afike apa, ngongole ayi mpaka ndidziwe. Lachisanu lililonse mumakhala awiri kuona buku ndi Mpamba kapena Airtel Money ya shopu, osati kumufunsa ngati wapolisi koma kuti afotokoze chifukwa chimene anaganizira choncho. Kenako iwe umayamba kusowa dala, theka la tsiku, Loweruka lonse, mpaka sabata yathunthu. Chovuta nchakuti akalakwitsa koyamba usamulande makiyi, apo bii sadzaganizanso yekha.

Wina anafunsa funso limene tonse tinali nalo, nanga akaba kapena akaphunzira nkukatsegula shopu yake kutsidya kwa msewu? Apa ndi pomwe mayi aja anatchula a Igbo a ku Nigeria, kuti mnyamata amakhala kwa bwana zaka zingapo kuphunzira malonda, zikatha bwana yemweyo amamupatsa mpamba akayambe zake, ndipo misika ngati ya Onitsha yakula choncho. Ife kuno timafuna munthu akalambire pa kauntala ndi malipiro omwe aja a kwacha isanagwe mu Novembala 2023, kenako tizidabwa kuti misomali ikuchepa.

Pomaliza anzathu a pamaphunziropo anagwirizana kuti aliyense ayambe kuphunzitsa mwana wake. Ine ndinakana ndipo ndikukanabe. Mwana wanga ali ku koleji, kusiyanitsa paipi ya theka la inchi ndi ya inchi sakudziwa, ndimuike pamwamba pa munthu amene wanyamula simenti zaka 6? Ngakhale ku Toyota, Akio Toyoda ndi mdzukulu wa amene anayambitsa kampaniyo koma mu 2023 udindo wa mkulu woyendetsa kampaniyo anasiyira Koji Sato, injiniya amene si wa m'banjamo.

Tsono a tcheya pepani, ndinena pompano. Ndili m'holo muja ndimaganiza za gulu lathuli. Chidindo chili ndi munthu mmodzi, buku la ndalama munthu yemweyo. Mwezi wa Juni ndinapempha ngongole yoodera malata ndinadikira masabata atatu chifukwa mwini chidindo anali kumaliro kumudzi, podzabwera mtengo nkuti utakwera. Achiwiri awo alipo koma ndi a dzina lokha, sanasainepo kanthu. Zisankho tinati chaka chatha, mpaka lero zii. Ngakhale alawansi yangayi ndinailandira ndili kale m'basi chifukwa wosaina samapezeka.

Tsiku lachiwiri zinali za kutsatsa malonda pa Facebook ndi kujambulitsa, ndinatuluka msanga kuthamangira basi.

Ndikupempha kuti Loweruka tiike nkhani ya chidindo ndi zisankho poyamba, komanso ulendo wina tidzatumize mmodzi wa anyamata athu osati ife eni. Ine ndibwera molawirira, makiyi ndamusiyira kale mnyamata uja pamodzi ndi pepala lake la malire.