Kukaona kanamwali ka ku Copenhagen, maso okha akwanira

Akonzi,

Tiloleni tilembeko za chiboliboli chimene aliyense wofika mumzinda wa Copenhagen, likulu la dziko la Denmark, amauzidwa kuti asabwerere asanachione. Eni ake amachitcha Den lille Havfrue, ndiye kuti kanamwali ka m'nyanja, ka m'nthano, kamene kumtunda ndi munthu koma kumunsi ndi nsomba. Zithunzi zake zadzaza pa Facebook, ndipo zambiri zimaonetsa munthu ali pamwala, dzanja lili paphewa la chibolibolicho, wina mpaka kuchikhalira pamwendo. Ojambulitsa choncho saona cholakwa, poti palibe mpanda wochizungulira, palibenso wolipiritsa pakhomo. Cholakwa chilipo, ndipo chimatsala pamkuwa iwo atapita.

Choyamba chimene mlendo ayenera kudziwa n'chakuti chibolibolichi n'chaching'ono. Kutalika kwake ndi mamita 1.25, kulemera makilogalamu pafupifupi 175. Chili pamwala wa m'mphepete mwa madzi pamalo otchedwa Langelinie, ndipo kutsidya kwake kumaoneka machumuni ndi nyumba za mafakitale. Ambiri amafika akuyembekeza chinthu chotalika ngati Statue of Liberty ya ku New York, n'kupeza kamtsikana kosaposa mwana wa sukulu. Ife timaona kuti khalidwe loipa lambiri limayambira pa kukhumudwa kumeneku. Munthu wayenda mtunda, chinthucho chamuchepera, ndiye amafuna kubweza ndalama zake ndi chithunzi: kusendera, kugwira, kukwera.

Chidaikidwa pamenepo pa 23 Ogasiti 1913. Adachilipirira ndi Carl Jacobsen, mwana wa amene adayambitsa kampani ya mowa ya Carlsberg, ataonera gule wa ballet mu 1909, wochokera pa nthano ya kanamwali kameneka yolembedwa ndi Hans Christian Andersen wa ku Denmark komweko. Mmisiri wake adali Edvard Eriksen. Wovina amene adakopa mtima wa Jacobsen, Ellen Price, adakana kukhala wamaliseche pamaso pa mmisiri, choncho thupilo Eriksen adatengera kwa mkazi wake, Eline. Wofika pamalopo ayang'anitsitse miyendo. Mmisiriyo sadaumbe mchira wa nsomba monga ambiri amaganizira. Adaumba miyendo ya munthu yomwe kumapazi ikuthera m'zipsepse, kuonetsa mtsikana ali pakati posandulika munthu. Izi zimaoneka bwino uli chilili kumtunda. Wokwera pamwala amangoona msana ndi tsitsi.

Kufikako sikuvuta. Siteshoni yapafupi ndi Østerport, pomwe pamaima sitima za mumzinda ndi za pansi pa nthaka. Kuchoka apo ndi ulendo wapansi wa mphindi ngati 15, ndipo njira yokoma ndi yodutsa mu Kastellet, linga lakale looneka ngati nyenyezi. Wochokera ku Nyhavn, doko lakale la m'kati mwa mzindawu, akhoza kutsata m'mphepete mwa madzi kulowera kumpoto, kudutsa nyumba yachifumu ya Amalienborg ndi kasupe wa Gefion, pafupifupi makilomita 2. Kuona chibolibolicho n'kwaulere usana ndi usiku. Zogula zina zonse ndi za ndalama ya krone, chifukwa Denmark sigwiritsa ntchito yuro. Chenjezo limodzi la panjira: misewu ya njinga mumzindawu ili payokha, pakati pa msewu wa galimoto ndi wa oyenda pansi, ndipo okwera njinga amathamanga. Mlendo woima m'njira yawo akuyang'ana mapu pafoni ndiye amayamba kugundidwa. Mabwato oonetsa alendo ochokera ku Nyhavn amafikanso pamenepa, koma okwera bwato amachiona chakumbuyo, kwa kanthawi kochepa.

Nthawi yofikira ili ndi msampha wake. Ambiri amalangizana kupita m'mamawa kuthawa khamu, ndipo khamulo amalithawadi. Koma woima kumtunda amayang'ana chakum'mawa, ndiye dzuwa la m'mawa limakhala kuseri kwa chibolibolicho, chithunzi n'kutuluka chakuda bii. Dzuwa likapendeka, kuwala kumachokera kumbuyo kwa wojambula n'kugwera pamkuwa. M'mwezi wa Juni dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, kotero madzulo pamakhala nthawi yokwanira mabasi a alendo atachepa. Mu Disembala limalowa isanakwane 4 koloko. Pakati pa tsiku m'nyengo yotentha ndi pomwe pamadzaza, makamaka zombo zikuluzikulu za alendo zikakocheza padoko la Langelinie, lomwe lili chapafupi.

Tsopano miyala. Pakati pa njira ya kumtunda ndi mwala wa chibolibolicho pali miyala yobulungira imene anthu amadumphapo. Ya m'munsi imanyowa ndi mafunde a mabwato odutsa, ndipo imamera ndere. Ndere yonyowa pamwala wosalala imaterera ngati sopo. Munthu amatsika foni ili m'dzanja limodzi, chikwama paphewa, maso kwa womujambula, osati pomwe akuponda. Phazi likaterereka alibe dzanja lodzitchinjiriza nalo, ndipo chapafupi chogwira ndi chibolibolicho. Madzi ake si akuya pamenepo, koma m'nyengo yozizira ndi ozizira koopsa, ndipo chimene chimavulaza ndi mwala, m'bondo kapena m'mutu. Akuluakulu a mzinda adaganizapo zochisunthira pakati pa madzi chifukwa cha okwerawa ndi owononga dala.

Nkhani yaikulu ili pamkuwa. Chiboliboli chotere chimapangidwa ndi mkuwa wosanganiza ndi tini ndi zitsulo zina pang'ono. M'kati mwake ndi mphako. Khungu lake la chitsulo ndi lochindikala mamilimita owerengeka chabe, osati chigumu monga chimaonekera. Mtundu wobiriwira modera umene timauona si utoto ndipo si litsiro. Ndi kachikuto kopyapyala kamene kamapangika mkuwa ukakumana ndi mpweya ndi chinyezi kwa zaka zambiri, ndipo amisiri ena amakayambitsa dala ndi mankhwala chiboliboli chikangotuluka m'chikombole. Kachikuto kameneka kamasiyana ndi dzimbiri la chitsulo wamba, lomwe limadya mpaka kuboola. Iko kakakhazikika kamachedwetsa kudyeka kwa mkuwa wa pansi pake. Pamwamba pake osamalira ziboliboli za panja amatsuka ndi madzi, sopo wofewa ndi burashi yofewa, n'kupaka phula lopyapyala, nthawi zambiri atatenthetsa chitsulocho kuti phulalo lilowe. Ntchitoyi imabwerezedwa kamodzi kapena kawiri pachaka, malinga ndi malo.

Dzanja la munthu limachita zinthu zitatu. Limapukuta phula. Likatha phula limayamba kupala kachikuto kaja, chifukwa m'manja mumakhala fumbi ndi timchenga, ena avala mphete ndi zibangili. Kenako limasiya thukuta, lomwe lili ndi mchere ndi mafuta. Mchere ndiye mdani wa mkuwa, ndipo chiboliboli chokhala m'mphepete mwa nyanja chimaulandira kale kuchokera kumphepo ndi mafunde. Pomwe pagwidwa kawirikawiri pamayamba kuwala ngati golide. Alendo akaona powalapo amati ndipo pamwayi, nawonso n'kusisita pomwepo. Kuwalako ndi chitsulo chosendeka. Chimayesa kupanganso kachikuto kake, dzanja lotsatira n'kuchotsa, ndipo ulendo uliwonse kachigawo kosaoneka ndi maso kamapita. Nsapato ndiye zimaposa, popeza kunsi kwake kumakanirira timiyala, ndipo kulemera kwa munthu wamkulu wotsamira pamkono kapena pakhosi kumagwera pamalo owotcherera.

Wina anena kuti dzanja limodzi silingathe chitsulo. N'zoona, koma dzanja silikhala limodzi. Ku Verona, m'dziko la Italy, chiboliboli cha Juliet chimene adachiika mu 1972 chidachotsedwa pabwalo mu 2014 chifukwa bere lakumanja lidaperepeseka ndi manja a ofuna mwayi pachikondi. Adaikapo china chofanana nacho, ndipo patangotha zaka pafupifupi 10 nachonso chidabooka pamalo omwewo. Ku Dublin, m'dziko la Ireland, chiboliboli cha mkazi wotchedwa Molly Malone, chopangidwa ndi Jeanne Rynhart mu 1988, chayera pachifuwa chifukwa cha mwambo womwewo, moti mu 2025 khonsolo ya mzindawo idayesa kuikapo anthu oletsa alendo kuchigwira. Ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, chiboliboli cha kagalu kotchedwa Greyfriars Bobby chayera mphuno. M'tchalitchi cha St Peter ku Vatican, zala za phazi la chiboliboli cha Petro Woyera zidafafanizika ndi manja ndi milomo ya amwendamnjira a zaka mazanamazana. Kumeneko tinganene kuti ndi chikhulupiriro chakale. Koma miyambo yambiri yosisita ziboliboli za m'misewu ndi yatsopano, yofalitsidwa ndi operekeza alendo ofuna kuseketsa gulu lawo. Pa kanamwali ka ku Copenhagen palibe mwambo wa makolo wonena kuti wokagwira apeza mwayi. Ndipo tinene mosabisa: kujambulitsa dzanja lili pabere la chiboliboli cha mkazi, anzako akuseka, ana akuonerera, n'kusowa ulemu, ngakhale mkaziyo ndi wachitsulo.

Chifukwa china chosatsamira pachibolibolichi n'chakuti chili ndi zipsera. Mu Epulo 1964 anthu adachidula mutu ndi sowo, ndipo mutuwo sudapezeke, adachita kuumba wina. Mu 1984 adadula mkono wakumanja, anyamata awiri n'kuubweza patapita masiku awiri. Mu 1990 wina adayesa kudulanso khosi n'kusiya bala la masentimita 18. Mu Januwale 1998 mutu udadulidwanso, koma ulendo uno udabwezedwa n'kulumikizidwa. Mu Sepitembala 2003 chidagwetsedwera m'madzi ndi zophulitsa. Utoto ndiye wathiridwapo kambirimbiri, monga wofiira wa mu 2017 wotsutsa kupha anamgumi ku Faroe Islands, zilumba za mu ufumu wa Denmark. Kuchotsa utoto kumachotsanso phula, mwina ndi kachikuto komwe. Khosi lomwe alendo amakonda kukolekapo mkono ndi malo amene adakonzedwapo kale. Ulendo umodzi wokha chidachoka mwaulemu, mu 2010, pamene mzinda udachitumiza ku chionetsero cha maiko ku Shanghai.

Pali njira yojambulira bwino popanda kuponda mwala ndi umodzi womwe. Wojambulidwa aime kumtunda, chakumbali pang'ono, chibolibolicho chili kumbuyo kwake. Wojambula abwerere m'mbuyo masitepe asanu kapena asanu ndi limodzi, akokere chithunzi pafupi kawiri kapena katatu ndi kamera ya foni. Akatero chibolibolicho chimaoneka chachikulu pambali pa munthuyo, pamene kujambula uli pafupi ndi lenzi yotambalala kumakulitsa nkhope ya munthu n'kuchepetsa cha kumbuyo. Akagwada pang'ono, mutu wa chibolibolicho umakhala pamtambo, osati pamachumuni a kutsidya. Zonsezi sizitha mphindi imodzi.

Mphindi imodziyo ndi yofunika, chifukwa malo ojambulirapo bwino ndi opapatiza. Munthu mmodzi akatsikira pamiyala, aliyense wa kumtunda amadikira kuti achoke m'chithunzi. Gulu la basi imodzi likamatsika mmodzimmodzi, aliyense kusintha kaimidwe kanayi, kuyang'ana pafoni, kubwereranso, anthu ena onse aima. Ku Denmark anthu amalemekeza mzere ngakhale palibe chingwe. Konzekerani kamera musanafike kutsogolo, jambulani, patukani, zithunzi mukazionere pambali. Ndodo zojambulira mudzitsitse mukakhala pakati pa anthu. Ana agwidwe padzanja, chifukwa akaona akuluakulu akudumpha miyala nawonso amatsatira. Chikwama chikhale kutsogolo, popeza paliponse pomwe anthu aunjikana maso ali m'mwamba, opisa m'matumba sasowa. Ndalama zachitsulo, maloko achikondi ndi zomata musasiye pamwala. Kuveka chibolibolicho chipewa kapena mpango n'kukwera komwe, chifukwa simungafikire mutu wake muli pansi.

Kwa operekeza alendo, mawu awiri onenedwa m'basi anthu asanatsike amathandiza kuposa kukalipa ali kale pamiyala. Auzeni kukula kwake kwenikweni, auzeni za miyendo yothera m'zipsepse kuti akhale ndi choyang'ana, ndipo nthabwala ya mwayi muisiye.

Chomaliza chikukhudza inu a nyuzipepala ndi onse ogulitsa zithunzi. Eriksen adamwalira mu 1959, ndipo lamulo la ku Denmark limateteza ntchito ya mmisiri kwa zaka 70 iye atamwalira, ndiye kuti mpaka kumapeto kwa 2029. Mbumba yake imadziwika ndi kulondola umwini umenewu, ndipo nyuzipepala za ku Denmark zalipitsidwapo chifukwa chosindikiza chithunzi cha chibolibolichi. Chithunzi cha mlendo chosunga yekha kapena choonetsa abale chilibe mlandu. Wofuna kuchiika pamalonda, pakalendala kapena pamalaya ogulitsa, ayambe wafunsa chilolezo kwa mbumbayo.

Ndife awerengi anu,
Okonda zosemasema ndi zoumbaumba