Za khutu lako lija

Aise,

Kalata yako ndalandira. Masamba awiri onse wadzaza ndi za lendi ndi kuzizira kwa ku Johannesburg, koma za khutu wangoikapo kamzere kamodzi kumapeto, kuti likumalira tswiii ukaweruka, m'mawa n'kusiya. Kamzere kameneko ndi kamene kandisowetsa tulo.

Malume ako suja anayamba chomwechi ali pa chigayo? Lero pamaliro kapena pamsonkhano amangogwedeza mutu, mawu akuwamva koma osawatola. Usiku amagona wailesi ili chiyatsire, chifukwa kukakhala zii kulirako kumakula. Akuti ankayesa kuti kudzatha monga kumathera kwa kwinini munthu akamaliza mankhwala. Sikunathe.

M'kati mwa khutu muli timaselo ta ubweya, pafupifupi 15,000 mbali iliyonse. Phokoso lalikulu limatiwononga, ndipo tikafa sitimeranso. Oyamba kufa amakhala tomvera mawu ang'onoang'ono okwera, n'chifukwa chake malume akusokoneza "s" ndi "f". Koma chondiopsa ine n'chakuti kulirako kumachokera mu ubongo. Ubongo ukaona kuti uthenga wa kukhutu wachepa, umadzikwezera wokha mphamvu yomvera, minyewa yake n'kumatumiza uthenga popanda chimene chalira kunja, ngati wailesi yoti yataya siteshoni iwe n'kumaikwezabe. Ngakhale anthu amene anawadula mtsempha wa khutu pa opaleshoni, ambiri kulirako kunapitirira.

Kukula kwa phokoso amakuyeza m'madesibelo, ndipo phokoso la madesibelo 85 malire ake okhalapo munthu ndi maola 8 patsiku. Likakwera ndi 3, nthawiyo imadulidwa pakati. Pa 100, pomwe galainda yakoyo imatha kufika, ndi mphindi 15 zokha. Iwe ukuigwira tsiku lonse! Umatchena nsapato zodula pa Facebook, zotsekera m'makutu zokha zikukukanika kugula? Auze mabwana akupatse, ndipo thonje usalidalire. Ukayezetsenso makutu, poti kusiya kwa m'mawako sikutanthauza kuti palibe chawonongeka.

Mlongo wako ukwati wayenda bwino, chimanga takolola. Koma masipika a paukwatipo, mayo ine, ana atakhala pafupi penipeni. M'minibasi namonso kondakitala ukamupempha kuti atsitseko amakuyang'ana ngati wamutukwana. 

Alamu akupereka moni. Kachipangizo kothandizira kumva kaja ka malume tikufuna tikafunse kuchipatala cha Queens, ndiye ngati mwezi uno ungathe kutumizako kangachepe, pepala landithera, koma zotsekera zija usa