Mzuzu asungiretu njira ya mabasi mzinda usanathinane

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga ndinenepo za kayendedwe kathu muno mu Mzuzu. Ndine mayi wa geni, ndimakhala ku Mchengautuwa, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikupita ku Dar es Salaam kukaoda zitenje ndi nsapato. Zimene ndimaona kumeneko ndi zimene ndimakumana nazo kuno kwathu ndi zimene zandigwiritsa cholembera.

Mwezi wa Juni chaka chatha ndinaperekeza amayi anga kuchipatala chachikulu ku Luwinga. Tinatuluka m'nyumba 6 koloko isanakwane, chiperoni chili waa, dothi lofiira lija litasanduka phala. Anyamata a kabaza anali pomwepo, koma munthu wamkulu wodwala miyendo simungamukweze pa njinga msewu uli woterera chotero. Tinayenda pang'onopang'ono mpaka pa tala. Sienta yoyamba inadutsa yodzaza, yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu inaima, dalaivala n'kunena kuti, "Amama, sunthani pang'ono, malo alipo." Malowo anali bondo la munthu wina. Titafika m'tauni tinatsika, kulipira, kuyenda mpaka pa siteji ina, n'kukwera minibasi ya ku Luwinga imene imaoneka ngati yatsala pang'ono kudzaza. Woitanira anali kukuwa kuti watsala m'modzi yekha. Titangokhala pansi, anyamata atatu amene anali m'katimo anatsika m'modzim'modzi. Sanali apaulendo ayi, anali ongokhalira mipando kuti ife tikopeke. Tinadikira mpaka inadzazadi, anayi pampando wa atatu. Pofika kuchipatala 8 koloko inali itadutsa, mzere utafika panja, amayi akunjenjemera ndi kuzizira. Ulendo wonsewo ndi wa makilomita owerengeka chabe.

Sindikulemba kuti ndinyoze madalaivala ndi makondakitala. Ena mwa iwo ndi ana a anzanga, ndipo ndimadziwa m'mene amagwirira ntchito. Mwini galimoto amafuna ndalama yake ya tsiku yokwana madzulo aliwonse. Mafuta agule dalaivala, woitanira alandire yake, ndipo chotsalacho ndiye ndiwo za kunyumba. Munthu wotere akanyamuka ndi mipando isanu yopanda anthu ndiye kuti ana ake agona ndi njala. N'chifukwa chake amadikira kudzaza, amapanikiza anthu, amathamangitsana kulimbirana wokwera amene waima kutsogolo, ndipo mvula ikagwa kapena mdima ukayamba mtengo umasintha. Vuto lili pa kakonzedwe: aliyense amalipidwa powerenga mitu ya anthu, ndipo palibe amene amalipidwa chifukwa chosunga nthawi.

Ku Dar es Salaam kuli mabasi amene eni ake amawatchula kuti mwendokasi. Anayamba kuyenda m'chaka cha 2016, ndipo gawo loyamba ndi la makilomita pafupifupi 21, kuchokera ku Kimara kudzera mumsewu wa Morogoro mpaka ku Kivukoni, ndi nthambi zopita kumadera a mumzindamo otchedwa Kariakoo ndi Morocco. Ndalama zambiri zomangira zinali ngongole ya ku World Bank. Tsiku loyamba kukwera ndinadabwa. Tiketi mumagula musanalowe pa siteji, choncho palibe zokanganirana chenje ndi kondakitala. Siteji ili pakati pa msewu, yokwera kufanana ndi khomo la basi, moti gogo kapena munthu wa pa njinga ya olumala amangolowa osakwera masitepe. Koma chachikulu ndi ichi: basiyo ili ndi njira yakeyake yotchingidwa, imene galimoto zina siziloledwa kulowamo. Ife tikudutsa, kumanzere ndi kumanja galimoto zili ndii, osasuntha. Basiyo si kuti ili ndi injini yodabwitsa. Imafulumira chifukwa palibe choitsekereza.

Ndisakunamizeni kuti kumeneko zonse zili bwino. Ndaimapo pa siteji ya Gerezani madzulo, anthu ali pikitipikiti, mabasi osakwanira, ena akukankhana pakhomo ngati pogula chimanga chaka cha njala. Mvula ikagwa yambiri, chigwa cha Jangwani chimasefukira ndipo mabasi amaima, chifukwa ngakhale malo osungira mabasiwo anamangidwa m'chigwa momwemo. Komabe anzathuwo sanabwerere m'mbuyo. Anapitiriza kumanga njira ina ya ku Mbagala mumsewu wa Kilwa, ndi inanso ya ku Gongo la Mboto.

Ndikudziwa chimene owerenga ena anene: mayi awa afuna kuyerekeza Mzuzu ndi mzinda wa anthu oposa 5 miliyoni. Zoona, sitifanana. Ine sindikupempha masiteji a magalasi kapena mabasi aataliatali opindika pakati. Titati tigule zimenezo lero, zikhoza kumayenda zopanda anthu masana onse ndipo ngongole yake adzabweza ndi adzukulu athu. Chimene ndikupempha n'chotsika mtengo kwambiri, koma chili ndi nyengo yake, ndipo nyengoyo ikutha.

Taonani m'mene mzindawu ukukulira. Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 134,000 mu Mzuzu. Wa 2018 anapeza oposa 221,000. Malo amene anayamba ngati esiteti ya mitengo ya mafuta yotchedwa tung m'zaka za m'ma 1940, n'kudzakhala mzinda mu 1985, lero nyumba zake zafika ku Dunduzu, ku Nkhorongo, ku Lusangazi. Aliyense amene wakhala muno zaka khumi akhoza kukulozerani pamene panali tchire, lero pali filing'i siteshoni, shopu ya simenti kapena mpanda wa njerwa wofika m'mphepete mwenimweni mwa msewu. Mpanda uliwonse wotere ndi chipukutamisozi chimene boma lidzalipire tsiku limene tidzafune kukuza msewu. Tinaona ku Lilongwe pokuza msewu wa Kenyatta: mitengo yakalekale inagwetsedwa, anthu anadandaula, mapaipi a madzi ndi mapolo a magetsi anayenera kusunthidwa. Kuwongola mtengo m'poyamba.

Mzinda wa Curitiba ku Brazil, umene unatsegula njira zake zapadera za mabasi mu 1974, unasungiratu malo. Atsogoleri ake, kuphatikizapo meya Jaime Lerner, anayamba asankha misewu ikuluikulu imene mzinda udzakulire motsatira, n'kusunga pakati pake kuti pakhale pa mabasi. Mzuzu ali ndi mwayi woti msana wake ndi woonekeratu. Msewu wa M1 umachokera ku Ekwendeni, kudutsa Dunduzu, yunivesite ya Mzuni ndi chipatala chachikulu ku Luwinga, kufika ku Katoto, n'kupitirira kulowera ku Mzimba. Wina ndi Orton Chirwa Avenue, wodutsa pakati pa tauni n'kukakhala msewu wa ku Nkhata Bay. Ophunzira, odwala, ogwira ntchito m'mafakitale a ku Luwinga, amayi a mumsika, tonse timayenda m'misewu iwiri yomweyi. Khonsolo ya mzinda ndi a Roads Authority akhale pansi, ajambule pa mapu malo okwanira njira ziwiri za mabasi, njira ya njinga ndi ya oyenda pansi, akhome zikhomo, ndipo pasapezeke womangapo, kaya ndi wolemera bwanji. Ngakhale patapita zaka 15 tisanathire phula, malowo adzakhala akutidikira.

Pamene tikudikirapo, tiyambe ndi njira imodzi yokha yoyendera nthawi. Mabasi akuluakulu ochepa, ochoka ku Dunduzu kudzera m'tauni mpaka ku Mchengautuwa kapena ku Geisha, onyamuka pa mphindi 15 zilizonse m'mawa ndi madzulo, adzaze asadzaze. Mtengo ulembedwe pa siteji, ukhale womwewo dzuwa likawala ndi mvula ikagwa. Masitejiwo akhale ndi denga ndi benchi. Mumzinda wa mvula ngati uno, n'zomvetsa chisoni kuti anthu amabisala m'makhonde a mashopu a eni podikira galimoto. Ndipo pamalo awiri kapena atatu pamene pamathinana kwambiri, monga polowera kumsika ndi kudepoti, basi ipatsidwe kanjira kake ngakhale ka mamita ochepa. Akuluakulu amene anaona mabasi a kampani ya United Transport Malawi (UTM), kenako Stagecoach ndi Shire Bus Lines, akudziwa kuti basi yoyendera wotchi si nthano m'Malawi muno. Tinali nayo, tinaitaya.

Funso lovuta ndi la ndalama, ndipo sindilizemba. Basi yonyamuka isanadzaze imaluza pa maulendo ena, ndiye payenera kukhala wolipira kusiyanako. M'maiko ambiri boma kapena khonsolo imaonjezerapo, ndipo kampani imalipidwa potengera makilomita amene basi yayenda m'nthawi yake, osati mitu imene yanyamula. Kwathu kuno a Roads Fund Administration amatolera kale ndalama pa lita iliyonse ya mafuta ndi pa mageti a Chingeni ndi Kalinyeke. Khonsolo imatolera za poimika galimoto ndi za kudepoti. Kodi n'kulakwa kupempha kuti kagawo kena kathandize munthu amene alibe galimoto, amene ndiye wochuluka? Tiwerengenso mafuta. Sienta inapangidwira anthu 7 pamodzi ndi dalaivala. Anthu 60 okwana m'basi imodzi amafuna ma Sienta khumi ngati atakhala mwalamulo. M'dziko limene timagona pa mizere ya mafuta chifukwa chosowa ndalama zakunja, masamu amenewa si ofunika kupita nawo ku Mzuni.

Nanga a maminibasi, a ma Sienta ndi a kabaza adzadya chiyani? Apa ndi pamene mapulani ambiri amafera, chifukwa amakonzedwa m'mahotela eni msewu kulibe. Ku Johannesburg, pamene ankayambitsa mabasi a Rea Vaya mu 2009, eni mateksi anakana mwamphamvu, ndipo zinatheka pokhapokha ena mwa iwo atapatsidwa masheya m'kampani yoyendetsa mabasiwo. Ifenso tiyambire pomwepo. Eni maminibasi ali kale ndi bungwe lawo. Apange kampani kapena kopaletivi, njira yoyambayo ipatsidwe kwa iwo, madalaivala ndi makondakitala alembedwe ntchito ya pamwezi. Dalaivala wodziwa kuti malipiro ake ali pa mapeto a mwezi alibe chifukwa chothamangitsira galimoto kulimbirana munthu m'modzi. Anyamata a njinga, amene kuno timawatchula kuti a Sacramento, ndi anzawo a njinga zamoto, ntchito yawo siingathe, chifukwa basi yaikulu siidzakwera zitunda za ku Masasa kapena kulowa tinjira ta ku Chibavi ndi ku Chiputula. Iwo azitenga anthu m'makwalala n'kuwatula pa siteji, pamalo awo odziwika, m'malo molimbana ndi malole a mafuta pa M1 pamene ambiri avulalira.

Ndinenepo pang'ono za maulendo a kunja kwa mzinda. Ekwendeni ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20, Nkhata Bay pafupifupi 50. Anthu ambiri amagona kumeneko n'kumagwira ntchito kapena kugulitsa nsomba, nthochi ndi chinangwa mu Mzuzu. Amene amachokera ku Rumphi ndi ku Mzimba kudzaona odwala amafuna kudziwa chinthu chimodzi chokha: galimoto yomaliza yobwerera inyamuka nthawi yanji? Lero yankho lake ndi lakuti ikadzaza. Makhonsolo a M'mbelwa, Nkhata Bay ndi Rumphi akhale nawo pa zokambiranazi, kuti ndondomeko ya nthawi ya mabasi a m'maboma ilumikizane ndi ya mumzinda, ndipo bolodi lake lipachikidwe padepoti pamene aliyense angawerenge.

Pempho langa kwa makhansala athu, a meya ndi aphungu a Mzuzu ndi lakuti nkhaniyi ilowe pa mndandanda wa zokambirana za khonsolo chaka chino chisanathe. Mapu a malo osungidwawo apachikidwe ku ofesi ya khonsolo ndi m'misika, m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, kuti wogula puloti adziwiretu pamene sayenera kumanga. Msonkhano wake uchitikire padepoti kapena pabwalo la sukulu Loweruka masana, pamene dalaivala, wa kabaza, wophunzira ndi ife amayi a geni tingafike. Ine ndidzatseka benchi langa tsiku limenelo ndipo ndidzabwera ndi anzanga a mumsika.

Ine wanu,
Mayi wa geni,
Mchengautuwa, Mzuzu