Lipoti la msonkhano wa kusamutsa nyama zakutchire ndi kuopsa kosakaniza mitundu

Wapampando, akuluakulu a komiti ndi mamembala nonse,

Monga munandituma, ndinakhala nawo pa msonkhano womwe unachitikira muno mu Lilongwe, pomwe akatswiri a nyama zakutchire, madokotala a zinyama ndi eni malo osungirako nyama anakambirana za kusamutsa mphalapala, chilembwe, nyumbu ndi nakodzwe. Nkhani za mitengo ya waya wa mpanda ndi za alendo odzaona nyama ndazisiya dala, chifukwa imene ikukhudza ganizo lathu logula mphalapala ndi imodzi: nyama zofanana maonekedwe koma zochokera madera otalikirana zikaikidwa mumpanda umodzi zimaberekana, ndipo mtundu umene unasakanizika subwereranso mwakale.

Kusamutsa nyama si kwachilendo m'dziko muno. Mu 2016 ndi 2017 bungwe la African Parks, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, linasamutsa njovu 520 kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete, zambiri mwa izo kupita ku Nkhotakota, pamodzi ndi mphalapala, nakodzwe, ngoma ndi njati zambiri. Mu 2022 njovu 263 ndi nyama zina 431 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Olankhula anatikumbutsa kuti nyama zimenezi zinkangoyenda m'dziko lomweli, pomwe chiopsezo chimakula nyama zikadutsa mitsinje ikuluikulu ndi mapiri amene analekanitsa mitunduyo kwa zaka zikwi zambiri.

Chitsanzo chimene chinakambidwa motalika ndi cha nyumbu za ku South Africa. Kumeneko kuli nyumbu yakuda, ya mchira woyera ndi nyanga zoloza kutsogolo, komanso nyumbu yotuwa ya mchira wakuda ndi nyanga zotambalala m'mbali. Eni mafamu ataziika pamodzi, zamphongo zotuwa, zomwe ndi zazikulu thupi, zinayamba kupitikitsa zamphongo zakuda n'kumakwera zazikazi zake. Ana obadwawo amaberekanso, ndipo apa ndi pamene pagona vuto, chifukwa akabwerera kukaberekana ndi nyumbu zakuda kwa mibadwo ingapo, ngakhale mlenje wodziwa bwino sangawasiyanitse ndi maso. Tinaonetsedwa zithunzi za zigaza zitatu zoyalidwa pa tebulo: chapakati chinali ndi nyanga zoyamba kutsikira pansi ngati za yakuda kenako n'kupatukira m'mbali ngati za yotuwa, koma anatiuza kuti zidzukulu za nyama yoteroyo nthawi zambiri sizionetsa chizindikiro chilichonse. Zofananazo zinachitikira bontebok ndi blesbok, mitundu iwiri ya agwape ofanana kwambiri, ndipo n'chifukwa chake kumeneko amayeza DNA ya bontebok, yomwe imaonetsa mtundu weniweni wa nyama, asanaisamutse. Alimi pakati pathu akudziwa zimene zimachitika chimanga cha makolo chikadzalidwa moyandikana ndi cha haibulidi: mbewu yosungidwayo imaoneka yabwinobwino m'nkhokwe, koma si ija agogo anasiya.

Nkhani ya ku Angola ndi imene, m'kuona kwanga, itikhudza kwambiri. Nkhondo itatha mu 2002, m'nkhalango ya Cangandala munatsala mphalapala zazikazi zochepa za mtundu wa nyanga zazitali umene supezeka kwina kulikonse, koma munalibe yamphongo. Zazikazizo zinayamba kuberekana ndi chilembwe, ndipo zinatengera kukagwira yamphongo m'nkhalango ina ya Luando mu 2009 ndi kuibweretsa pa helikopita kuti mtunduwo upulumuke. Mphalapala ndi chilembwe zikakhala zambiri m'tchire sizisakanikirana; zimatero pamene gulu lachepa ndipo mnzake wa mtundu womwewo wasowa. Mpanda waung'ono ngati umene tikuganizira ukhoza kubweretsa zomwezo ngati titaikamonso chilembwe, yamphongo ya mphalapala zathu n'kufa.

Za nakodzwe zinangotchulidwa mwachidule. Wa kuno ku Malawi ali ndi mzere woyera wozungulira kumbuyo, pomwe wa kuzambwe kwa Zambia ali ndi banga loyera lonse, ndipo akakumana amaberekana.

Panali kusagwirizana, ndipo ndiyenera kukufotokozerani mbali inayo mwachilungamo. Ena mwa eni malo anati nyama zotsekeredwa mumpanda zimakwerana pachibale, ana n'kumabadwa ofooka, choncho kubweretsa yamphongo yochokera kutali ndi mankhwala. Mfundoyi ndi yoona, ndipo akatswiri sanaikane. Yankho lawo linali lakuti magazi atsopano achokere ku gulu lina la mtundu womwewo, monga kusinthana zamphongo pakati pa malo osungirako nyama a m'dziko muno, m'malo mothamangira mphalapala za nyanga zazitali zogulitsidwa pa misika ya kunja, zomwe zambiri zinaswanitsidwa dala pofuna mtengo wokwera. Malangizo a 2013 okhudza kusamutsa nyama a IUCN, bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe, amanenanso kuti kumene nyama yachokera kufufuzidwe isanakwezedwe m'galimoto.

Kuyezako si kovuta monga ndinkaganizira. Dokotala akagoneka nyama ndi jakisoni wowombera, amadula kachidutswa ka khutu kapena kuzula ubweya wa kumchira, n'kuika m'kabotolo kolembedwa nambala ya nyamayo, ndipo kabotoloko kamatumizidwa ku labotale. Ndalama zake n'zochepa poyerekeza ndi mtengo wa mphalapala imodzi.

Choncho ndikupempha komiti kuti tisapereke ndalama kwa wogulitsa aliyense asanationetse chilolezo cha boma ndi umboni wa kumene makolo a nyamazo anagwidwa, kuti mphalapala zathu zichokere m'Malawi momwemuno, ndiponso kuti ganizo la mamembala ena loika chilembwe mumpanda womwewo liyambe laima. Ndikupemphanso mlembi kuti alembere kalata nthambi yoona za nyama zakutchire, kufunsa malo amene angatigulitse zamphongo ziwiri zosakhala pachibale, kuti yankho lake tidzalikambirane pa msonkhano wathu wotsatira.

Ine nthumwi yanu.