Mwana wathu akufuna tikagone pachilumba, ine mtima ukukana

Zikomo Agogo,

Ndine mayi wa zaka 56 wa ku Ulongwe, m'boma la Angonia. Mu February chaka chamawa ine ndi abambo akunyumba tikwanitsa zaka 30 tili pabanja. Mwana wathu wachisamba, yemwe amagwira ntchito ku Maputo, wati mphatso yake ndi yakuti tikagone masiku anayi ku hotela ina pachilumba cha Benguerra, kufupi ndi Bazaruto, m'nyanja ya mchere. Ndalama ina waperekako kale.

Zithunzi anatitumizira pa WhatsApp. Mchenga wake ngati ufa woyera, madzi oonekera pansi. Koma nditayang'anitsitsa nyumba zogonamo ndinaseka ndekha: zofolera ndi udzu! Ife tinalima mbatata ya kachewere zaka zingati kuti tichoke m'nyumba ya udzu tilowe ya malata? Tsiku lina anatchula mosazindikira mtengo wa usiku umodzi. Nditauwerengera m'matumba a feteleza, nsima inandikanika tsiku limenelo.

Komanso ine madzi ndimawaopa. Pa mlatho wa Samora Machel ku Tete ndimatsinzina mpaka chapa, minibasi ija, itawoloka Zambezi. Tsono uku akuti tikwere basi kudzera ku Chimoio ndi Inchope, tiwoloke Save, tikafike ku Vilankulo, kenaka boti. February ndiye nyengo ya namondwe. Freddy uja mu 2023 anatulukira komweko ku Vilankulo mwezi womwewo. Abambowa ali ndi BP, amamwa mankhwala m'mawa uliwonse. Atadwalika usiku nyanja itakalipa, chipatala chili kutsidya, ndidzalowera kuti ine wosadziwa ndi Chipwitikizi chomwe bwinobwino? Za kumunda sindinena, chimanga nthawi imeneyo chimafuna mwini wake.

Abambowa ndiye asangalala ngati mwana. Alengeza kale pa bawo kuti akukadya nkhanu ndi azungu, munthu woti usipa womwe amaununkhiza kaye. Akuti ndikakana ndiye kuti ndamutukwana mwana, ndipo apita okha.

Chimene chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi abale. Mwezi wathawu alamu anga anabwera kudzabwereka ndalama ya sukulu ya mwana wawo, ife tinati tilibe, ndipo zinali zoona. Mawa amve kuti tikugona pa mchenga kunyanja, adzatiyesa anthu otani? Kumudzi kuno nkhani imayenda kuposa njinga yamoto. Pamaliro anayamba kale kundinena kuti “amayi a ku hotela”.

Komabe ndikamva mawu a mwanayu pafoni, mtima umandiwawa. Amati, “Amayi, munagulitsa ng'ombe ziwiri kuti ine ndiphunzire, ndiloleni kamodzi kokha muphikiridwe ndi ena.” Ndinangoyankha kuti tiona, ndipo papita masabata atatu ndikuzemba nkhaniyi.

Agogo, ndithandizeni. Kodi ndimuuze kuti ndalamayo atigulire feteleza ndi kuthandiza msuweni wakeyo, ngakhale yomwe waperekayo mwina sibwerera? Kapena ndimupemphe asinthe ulendowu ukhale wa mu June titakolola, nyanja itadekha, ine ndingolimba mtima? Ndipo ndimuyambe bwanji kuti asaone ngati mphatso yake ndaiponda?

Ine wothedwa nzeru,
Mayi wa ku Ulongwe