Kalata Yochokera ku Stanley, pa Zilumba za Falkland

Okondedwa Bambo ndi Mayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli ndi moyo wabwino pamodzi ndi onse a pakhomopo. Ine kuno ndili bwino, kupatula chimfine chimene chinandigoneka masiku awiri sabata yatha. Ndasankha kulemba kalata m'malo moimba foni chifukwa intaneti ya kuno ndi yodula ndipo mawu amadukaduka, komanso funso limene munandifunsa, Bambo, silingayankhike m'mphindi zitatu. Munati aphunzitsi a pasukulu yathu ija anakuuzani kuti kumene ndinapitaku kunali nkhondo, ndipo mukufuna kudziwa ngati mwana wanu sakuyenda pamwamba pa mabomba. Aphunzitsiwo sananame. Ndifotokoza zonse monga ndazionera ndi kuzimvera, koma ndiyambe ndakuuzani za malowa ndi mmene ndikukhalira.

Zilumba za Falkland zili kum'mwera kwenikweni kwa nyanja yamchere ya Atlantic, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 500 kuchokera ku gombe la Argentina. Zikuluzikulu ndi ziwiri, ndipo tina timene tazizungulira ndi tating'onoting'ono mazanamazana. Anthu onse okhala kuno sakwana 4,000, moti ndikakumbukira khamu limene limasonkhana pa Lizulu tsiku la msika ndimaona ngati likhoza kuwaposa, koma nkhosa zokha zilipo pafupifupi theka la miliyoni. Ambiri mwa anthuwa ali mu Stanley muno, tauni yokhayo ya dziko lino, ya nyumba za malata a mitundumitundu zoyang'ana kudoko. Mayi, chimene chikanakudabwitsani ndi chakuti kutchire kulibe mitengo, ndi udzu, miyala ndi mphepo basi. Kale anthu ankadula dothi lakuda lonyowa lotchedwa peat, n'kuliumitsa ngati njerwa kuti azisonkhera moto, koma lero ambiri amatenthetsa nyumba ndi palafini. Mphepoyo siipuma usana ndi usiku, ndipo chisanu cha kwathu ku Tsangano, chimene tinkachiopa mwezi wa Juni, kuno chikhoza kutchedwa nyengo yabwino.

Ntchito yanga ikadali ija ya kukhitchini pa nyumba yogona alendo. Ndimadzuka 5 koloko, ndipo miyezi inoyi ndimagwira ntchito maola angapo kusanache, chifukwa dzuwa likutuluka cha m'ma 9 koloko n'kulowa 5 koloko isanakwane, pamene mu Disembala kumakhala kukuwala mpaka kupitirira 9 koloko usiku. Ntchito imachuluka kuyambira Novembala kufika Malichi, pamene sitima zikuluzikulu zimabwera ndi alendo odzaona mbalame zotchedwa penguin, ndipo pamakhala masiku amene alendowo amachuluka kuposa eni tauni. Panopa kuli zii, tikungosamalira alendo ochepa obwera pa ntchito za boma ndi za usodzi. Ndiwo ya masiku onse ndi nyama ya nkhosa, ndipo ndafika poilakalaka nkhwani wotendera kuposa mmene ndinkalakalakira nyama ndili mwana. Tomato ndi zipatso zambiri zimachokera kunja pa sitima kapena pa ndege, n'chifukwa chake mtengo wake sindikuuzani kuopa kuti Mayi angasowe tulo. Mukamaimba muzikumbukira kuti inu muli patsogolo ndi maola asanu.

Tsopano za nkhondo ija. Dziko la Argentina limati zilumbazi ndi zake, limazitcha Malvinas, ndipo limanena kuti a Britain anazilanda mu 1833. Pa 2 Epulo 1982, boma la asilikali lotsogozedwa ndi Leopoldo Galtieri linatumiza ankhondo amene analanda Stanley ndi kuthamangitsa bwanamkubwa Rex Hunt. Nduna yaikulu ya Britain, Margaret Thatcher, inatumiza sitima zankhondo ulendo wa makilomita oposa 12,000, ndipo nkhondoyo inatenga masiku 74, kufikira pa 14 Juni pamene a Argentina anagonja. Anafa asilikali 649 a Argentina, 255 a Britain, ndi amayi atatu a mu Stanley momwemuno amene nyumba yawo inagweredwa ndi bomba la a Britain omwewo. Mwa a Argentina aja, 323 anafera pa sitima imodzi yotchedwa General Belgrano, imene inamizidwa pa 2 Meyi.

Ziwerengerozi ndazidziwa chifukwa kuno sizibisika. Masiku apitawa, pa 14 Juni, linali tsiku la tchuthi lokumbukira kumasulidwa kwa zilumbazi. Kunali mapemphero ku tchalitchi chachikulu cha Christ Church, chija chili ndi chipata cha mafupa a namgumi chimene ndinakutumizirani chithunzi chake, kenako anthu anayenda kupita pa chipilala cha mu msewu wa Ross pamene palembedwa maina a omwalira, ndipo anaima pamphepo yozizira, ana ndi nkhalamba zomwe, popanda wodandaula. Kumapeto kwa tauni kuli kankhalango kochita kubzalidwa ndi anthu, mtengo uliwonse uli ndi dzina la msilikali mmodzi wa Britain amene anafa, ndipo m'dziko lopanda mitengo ngati lino, kulera mtengo mpaka ukule si ntchito yamasewera. Ndili pomwepo ndinakumbukira chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles) chija cha ku Zomba, chimene ndinachidutsa kangapo popanda kuima kuti ndiwerengeko dzina ngakhale limodzi, ndipo ndinachita manyazi.

Mayi wina amene ndimagwira naye ntchito anali mwana wamng'ono nthawiyo, ndipo amati chimene amakumbukira kwambiri ndi kugona pansi pa tebulo usiku, mazenera ataphimbidwa, mizinga ikulira m'mapiri. Mapiriwo ndimawaona tsiku ndi tsiku ndikamapita kuntchito, ndipo ndi Tumbledown, Longdon, Two Sisters ndi Harriet. Ndi aafupi poyerekeza ndi Dedza, koma m'menemo ndi mmene munamenyedwa nkhondo zomaliza usiku, pakati pa 11 ndi 14 Juni. Asilikali ambiri a Britain anafikako wapansi kuchokera ku San Carlos, kumene anatsikira pa 21 Meyi, atasenza katundu wolemera m'matope ndi m'chisanu, chifukwa ndege za helikopita zimene zikanawanyamula zinawonongeka pamodzi ndi sitima ya Atlantic Conveyor. Ndinakwerako Tumbledown tsiku lina Lamlungu, ndipo pakati pa miyala pakadali zitsulo zadzimbiri ndi malo amene asilikali a Argentina ankaphikira.

Koma malo amene anandikhudza mtima koposa ndi manda a asilikali a Argentina, pafupi ndi Darwin, ulendo wa maola ngati awiri pa galimoto kuchokera kuno. Ali paokha pachitunda, mitanda yoyera ili m'mizere, yambiri itakolekedwa makorona amene abale anasiya, ndipo kupatula mphepo palibe chimene chimamveka. Ambiri mwa ogona pamenepo anali anyamata a zaka 18 mpaka 20, ochita kulembedwa usilikali mokakamizidwa, ena ochokera kumadera otentha a kumpoto kwa dziko lawo, amene anavutika ndi njala ndi chisanu asanakumane n'komwe ndi mdani. Kwa zaka zoposa makumi atatu, manda oposa zana analibe maina, anangolembedwa m'Chisipanishi kuti msilikali wa Argentina wodziwika kwa Mulungu yekha. Mu 2017 a bungwe la Red Cross anafukula mitemboyo, n'kuyeza mafupa poyerekeza ndi magazi a abale, ndipo ambiri anadziwika, moti amayi okalamba anatha kubwera kudzagwada pa manda enieni a ana awo. Mayi, inu amene simulola kuti chaka chithe tisanalambule pa manda a agogo, mungamvetse kuposa ine tanthauzo la kudikira zaka zonsezo. Chapafupi pomwepo pali mudzi wa Goose Green, kumene anthu wamba oposa 100 anatsekeredwa mu holo imodzi pafupifupi mwezi wathunthu kufikira anamasulidwa pa 29 Meyi.

Za mwini weniweni wa zilumbazi sindilowererapo, pakuti mlendo ndi mame. Chimene ndikudziwa n'chakuti mu 2013 eni kuno anaponya voti, ndipo 1,513 anati akufuna kukhalabe pansi pa Britain pamene atatu okha anakana, koma a Argentina sanasiye kunena kuti malowa ndi awo. N'chifukwa chake asilikali a Britain akadalipo ku Mount Pleasant, pa bwalo la ndege limene linatsegulidwa mu 1985, pomwe ndinatsikira pobwera. Ndege zawo zankhondo zikadutsa mazenera amanjenjemera, koma anthu a kuno sayang'ana n'komwe kumwamba.

Ndafika pa mabomba aja, Bambo. Ndi zoona kuti asilikali a Argentina anakwirira mabomba oposa 20,000 m'magombe, m'madambo ndi m'mphepete mwa mapiri, ndipo kwa zaka zambiri malowo anali otchingidwa ndi waya wokhala ndi zikwangwani zofiira. Ana anabadwa ndi kukula osapondako pa gombe la Yorke Bay, ngakhale lili pafupi ndi tauni, ndipo amene ankasangalala ndi mbalame za penguin zokha, chifukwa ndi zopepuka moti bomba siliphulika zikaponda. Ntchito yochotsa mabombawo inayamba mu 2009 ndipo inatha mu Novembala 2020, ndipo amene anaigwira ambiri anali anzathu a ku Zimbabwe. Anawafuna chifukwa kwawo nakonso kuli mabomba amene boma la Rhodesia linakwirira m'malire a Mozambique ndi Zambia m'zaka za m'ma 1970, ndiye luso la ntchitoyi analidziwa bwino.

Mmodzi mwa iwo, amene anatsala kuno n'kupeza ntchito ina, ndi bambo wachikulire amene ndinakumana naye kutchalitchi. Atamva kuti ndine Mmalawi anandipatsa moni m'Chinyanja chosakanikirana ndi Chishona, ndipo ndinadzamva kuti agogo ake anali mtchona amene anachoka ku Nyasaland kukagwira ntchito m'mafamu a ku Rhodesia osabwereranso. Iyeyo ndiye amene amandiitana akapeza ufa, ndipo nsima yochepa imene ndadya kuno ndadyera kwake. Anandifotokozera kuti ankagwira ntchito chogwada, atavala chotchinga kumaso ndi pachifuwa, n'kumafukula dothi pang'onopang'ono ndi manja owuma ndi chisanu, chifukwa mabomba ambiri anali apulasitiki, okhala ndi chitsulo chochepa kwambiri moti makina ofufuzira ankavutika kuwapeza. Ku Yorke Bay mphepo inali itasuntha milu ya mchenga n'kukwirira mabomba pansi kwambiri, moti anachita kukumba mchengawo ndi makina n'kuusefa monga mmene Mayi amasefera ufa. Pamene ankafotokoza, ine ndinkakumbukira zimene munkatiuza za nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, pamene othawa kwawo anadzaza midzi ya kwathu ndipo munkatiletsa kulondola mbuzi kutsidya kwa msewu ngakhale mtendere utabwera mu 1992. Ndinamuuza zimenezi, ndipo anangogwedeza mutu kwa nthawi yaitali.

Choncho mtima ukhale m'malo. Pa gombe la Yorke Bay ndinapitapo ndekha mwezi wa Febuluwale, ndinavula nsapato n'kuyenda pamchenga woyera, ndipo chimene chinandibweza ndi kuzizira kwa madzi kokha. Lamulo limene tonse timauzidwa ndi lakuti ukaona chitsulo chachilendo kutchire usachikhudze, koma ukanene kupolisi, ndipo ndikulisunga.

Ndalama zimene ndatumiza kudzera kwa achimwene ndi za feteleza, ndipo ndikupempha kuti mugule msanga mtengo usanakwere, zotsalazo zilipire fizi ya mlongo wanga. Za malata a khitchini tidikire mpaka sitima za alendo zitayambanso kubwera, pamene maola a ntchito amachuluka. Mundiperekere moni kwa amalume, kwa azakhali, ndi kwa aphunzitsi aja, ndipo muwauze kuti ndawasungira mapu a zilumbazi oti akapachike m'kalasi.

Ndine mwana wanu,
wa ku Stanley