Gwape wovuta kusaka ndi wa m'nkhalango, osati wa kuphiri

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikeko mlomo pa mkangano wa alenje, wakuti mtundu wa gwape wovuta kusaka kwambiri ndi uti, umene ndimaumva pafupifupi tsiku lililonse kuntchito. Ndimakhala ku Argyll, kumadzulo kwa dziko la Scotland, ndipo ntchito yanga ndi yolandira agwape akuno (deer m'Chingerezi) amene aphedwa, kuwayeza pasikelo, kuwasenda ndi kuwapachika m'chipinda chozizira. Mfuti sindigwira. Koma nyama iliyonse imadutsa m'manja mwanga, choncho ndikuona kuti nanenso ndili ndi chonena.

Kuno kusaka agwape ndi ntchito yololedwa komanso yofunika. Mimbulu imene inkawadya inatha zaka mazana apitawo, ndipo boma likuyerekeza kuti agwape afika pafupifupi 1 miliyoni m'dziko lonse. Amadya mitengo ikangophuka, nkhalango osakula. N'chifukwa chake mu Okutobala 2023 anachotsa lamulo loletsa kupha amphongo pa miyezi ina ya chaka. Mitundu yake ilipo inayi: wofiira, roe, fallow ndi sika. Za fallow salimbana nazo kwenikweni kwathu kuno. Phokoso lili pa atatu enawo.

Pali bambo ena achikulire amene akhala akusaka gwape wofiira kuphiri kuyambira ali mnyamata. Iwo amati amene sanakwawe chafufumimba m'matope a kuphiri asadzitche mlenje. Mfundo zawo n'zomveka ndithu. Kuphiri kulibe mtengo wobisalako. Agwape ofiira amayenda pagulu, ndipo pamene ena akudya, yaikazi yokalamba imakhala itatukula mutu, makutu ali tcheru. Mlenje amawaona ali kutali pogwiritsa ntchito magalasi oonera patali, kenako amazungulira phiri lonse kuti mphepo imuombe kumaso, chifukwa fungo la munthu likangowafika, gulu lonse lapita. M'zigwa za kuphiri mphepo imatembenuka mosayembekezeka. Nkhosa imodzi ikadzidzimuka, kapena mbalame ikabwadamuka m'tchire, ntchito ya tsiku lonse yathera pomwepo. Kuti afike pa mtunda wa mamita 100 kapena 150, munthu amanyowa mpaka m'kati, ndipo nyengo yotentha tizilombo toluma timam'dzadza kumaso iye osaloledwa n'kudzikanda komwe. Akaombera, ntchito ina yayamba: mphongo yaikulu imapitirira makilogalamu 100, ndipo kuitsitsa kumafuna kavalo kapena kagalimoto koyenda m'madambo.

Ndimawalemekeza bambowa, ndipo ndikaona mmene amabwerera madzulo, maondo akunjenjemera, sindingawatsutse kuti ntchito yawo ndi yolemetsa. Koma kulemera kwa ntchito ndi kuchenjera kwa nyama ndi zinthu ziwiri. Gwape wofiira amaoneka. Mu Okutobala mphongo imabangula phiri lonse n'kumva, ikudziulula yokha kumene ili.

Wokonda roe ndi mnyamata wina wofatsa. Amati kanyama kake n'kakang'ono, makilogalamu 25 sikapitirira kawirikawiri, ndipo kakaima m'ziyangoyango umangoona khutu kapena mwendo. N'zoona. Koma roe ali ndi chizolowezi chomupereka: mphongo imasunga dera lake, ndipo ukaiona pamalo lero, mawa m'bandakucha ili chapomwepo. Kumapeto kwa Julaye ndi kumayambiriro kwa Ogasiti, nthawi yokwerana, mlenje amaliza kapito kotsanzira kulira kwa yaikazi, mphongo n'kubwera yokha ikuthamanga. Ngakhale ikathawa, nthawi zambiri imaima n'kucheuka kuti ione chimene chaidzidzimutsa. Mnyamatayu akauzidwa zimenezi amangoseka.

Ine ndili kumbali ya amene amasaka sika, ndipo ndikunena motsimikiza.

Sika kwawo ndi ku Japan ndi maiko ena a kum'mawa kwa Asia. Anabwera nawo kuzilumba zino za Britain ndi Ireland mu 1860 kuti azikongoletsa minda ya anthu olemera, ena n'kuthawa, ena n'kumasulidwa. Lero adzaza m'nkhalango zobzalidwa za ku Kintyre, Sutherland ndi madera ozungulira Inverness. Nkhalango zimenezi n'zothithikana moti masana m'kati mumakhala mdima, ndipo munthu sungayende mamita 10 osathyola kanthambi. M'menemo ndi mmene sika amagona. Amatuluka kachisisira, n'kuima m'mphepete mwenimweni mwa mitengo nthawi yaitali osasuntha, akununkhiza. Akakayika pang'ono amaliza kamluzu kakuthwa, ndipo aliyense wa m'deralo wamva. Amene anakulira kufupi ndi mtsinje kumudzi akudziwa mmene mbawala imachitira m'nkhalango zowirira, kukuona iwe usanaione n'kusowa ngati yalowa pansi. Khalidwe lake ndi lomwelo.

Chimene chimandigometsa kwambiri n'chakuti sika amaphunzira. Akaomberedwa kangapo pamalo amodzi, otsalawo amasiyiratu kutuluka kukuwala. Amadya usiku basi. Mlenje amapeza ndowe zatsopano, mapazi, makungwa a mitengo atakalidwa ndi nyanga, zonse zosonyeza kuti nyama zilipo zambiri, koma amakhala pansanja yake mpaka mdima osaona ngakhale imodzi. Mu nyengo yokwerana mphongo imalira mokweza, mluzu wautali wotsika kumapeto, koma ili m'kati mwa mitengo momwe chipolopolo sichingadutse.

Umboni wina ndimauona ndi maso anga posenda. Sika ndi wolimba modabwitsa. Mphongo yake ndi ya makilogalamu 40 mpaka 70, yocheperapo kwambiri poyerekeza ndi wofiira, koma ndalandirapo ambiri amene chipolopolo chinadutsa pamtima penipeni, mlenje n'kundiuza kuti nyamayo inathamangabe n'kukagwera m'kati mwa nkhalango. Popanda galu wolondola magazi, ambiri akanatayika. N'chifukwa chake osaka sika sayenda opanda galu.

Nkhaniyi si yongocheza pa tiyi ayi. Sika amakwerana ndi gwape wofiira, ndipo ana ake amaberekanso. Kumene mitundu iwiriyi yakumana, ngati kuno ku Argyll, magazi akusakanikirana, ndipo wofiira weniweni wa dziko lino akhoza kumachepa pang'onopang'ono. Ndiye nyama imene ikufunika kuchepetsedwa msanga ndi yomwenso ikuvuta kupeza. Mu 2023 momwemo malamulo analola kuti amene apatsidwa chilolezo ndi NatureScot, bungwe la boma loona za chilengedwe ku Scotland, azigwiritsa ntchito zipangizo zoonera usiku pamfuti. Bambo a kuphiri aja sakondwa nazo, amati makina akulanda luso. Ine ndimawayankha mwaulemu kuti: "Bambo, ngati pafunika makina kuti nyama ioneke, ndiye kuti mwavomera nokha kuti ndi yovuta." Amapukusa mutu n'kunena kuti wosaka sika amangokhala pansi kudikira pamene iwo amayenda. Mawa lake amayambiranso, ndipo palibe amene amasunga mangawa.

Pomaliza ndipemphe awerengi achikulire amene anachitapo uzimba kale, malamulo oteteza nyama asanakhwime. Sindikulimbikitsa aliyense kulowa ku Liwonde kapena ku Majete ndi misampha ya waya, imene imapha nyama mwankhanza mosasankha. Ndikufuna zimene munkadziwa zilembedwe. Pakati pa ngoma, mbawala ndi chinkhoma cha m'matanthwe, inkakuvutani kwambiri ndi iti, nanga inkakuzembani bwanji? Lemberani a Mkonzi, ine ndidzawawerengera anzangawa.

Ine wowerenga wanu,
ku Argyll, Scotland